Makiyi a Anthu Othawa Chisanu

Mu msewu wathu anthu amayamba kutsanzika masamba akangothothoka m'mitengo. Amabwera mmodzimmodzi, kiyi ali m'manja, mano ali mbee, ndipo mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka: "Verna, poti iwe ulipo." Sanena kuti ngati ulipo. Amadziwa kuti ndilipo. Ine Verna Loewen ndinasanduka ngati mtengo wa magetsi wa pakona paja, woti munthu safunsa ngati chaka chino ukhalapo.

Amathawa chisanu. Ena amalowera ku Arizona pa zimagalimoto zawo zokhala ndi bedi ndi khitchini momwemo, ena ku Texas, koma ambiri a m'katauni kathu ka ku Manitoba kuno anazolowera ku Mexico, ku Mazatlan, komwe amakachita lendi nyumba zoyandikana n'kumakajeda anthu omwewo amene amawajeda ali kuno. Amabwerako chipale chofewa chogwa m'chisanu chitasungunuka, khungu litapsa ndi dzuwa, aliyense atanditengera kambale kojambulidwa nsomba. Timbale timeneti ndili nato tambiri moti nditha kutsegula sitolo.

Koma nyumba sathawa nayo. A inshuwalansi amanena mosapsatira mawu kuti nyumba ikatsala yokha m'chisanu, pakhale munthu wolowamo pakapita masiku angapo, apo ayi paipi ikaphulika usawalirire. Ndipo sanama. Ng'anjo yotenthetsa nyumba ikangozima, madzi amaundana m'mapaipi, mapaipi n'kung'ambika, kukadzafunda umapeza siling'i ili pansi. Wolowa m'nyumbazo poyamba anali malemu mwamuna wanga Cornelius, munthu amene ankati ngakhale ulendo wa kumzinda wathu wa Winnipeg wokha ndi chilango. Atamwalira, mkombero wa makiyi unatsala pa msomali wake kuseri kwa chitseko, ndipo ntchitoyo inandilowa chokolo popanda wondifunsa.

Ntchito yake si yovuta. Umapalasa chipale pakhonde kuti akuba aziyesa muli anthu, umatsikira m'chipinda chapansi kukamvetsera ng'anjo, umatsegula mipope kuti madzi ayende, umathirira maluwa, n'kutseka. Chokhacho chimene chinandikanika kuzolowera ndi kulowa m'nyumba ya eni osagogoda. Kiyi ali m'manja, ndikudziwa bwinobwino kuti eni ake akusamba m'nyanja kutali uko, koma ndimagogodabe n'kunena kuti, "Odi kuno!" Ndiye ndimadikira pang'ono. Masiku ena ndinkadziyankha ndekha kuti, "Lowani mayi, mwasowatu," chifukwa m'nyumba yoti zii mawu a munthu amathandiza, ngakhale akhale ako omwe.

Madzulo ndiye kunali chipongwe chenicheni. Nyumba iliyonse ili ndi kawotchi koyatsa magetsi, ndipo wotchera timawotchito ndinali ine. Mdima ukamayamba, mawindo onse a mu msewu ankayaka pafupifupi nthawi imodzi. Wodutsa akanati pano pali anthu okondana, mwina akudya, mwina akusewera makadi. Chonsecho a moyo tinalimo awiri okha, ine ndi a Orest Demchuk a tsidya lina la msewu, amene sitinkapatsana moni chiyambire pomwe anayambana ndi Cornelius pa nkhani ya chipale chimene wina anakankhira pageti pa mnzake. Woyamba anali ndani, aliyense ananena zake, ndipo mmodzi anapita nazo kumanda.

Chimene chinanditembenuza mtima chinali chithunzi. M'chisanu chathachi, ndikuthirira maluwa kwa Elvira Penner, mnzanga wa kuyambira kusukulu, ndinaona pa firiji pake chithunzi cha thebulo lalitali m'mphepete mwa nyanja. Msewu wathu wonse unali pamenepo, aliyense atakweza tambula m'mwamba. Ndinaima nthawi yaitali, chidebe chili m'manja, nsapato zikudontha madzi pa kapeti ya eni. Sindinachite nsanje ayi. Ndinangomva kusungulumwa kumene sindinakumve ngakhale tsiku loika Cornelius, poti tsiku limenelo m'nyumba munadzaza anthu. Ndinalumbira ndili pomwepo kuti chaka chamawa nanenso ndikaliona dzuwa la mu Januwale.

Chilimwe chikutha ndinapita ku ofesi yokonza maulendo, m'tauni yoyandikana ndi yathu. Ndinapeza mayi wa zikhadabo zofiira, dzina lake Shauna.

"Ulendo woyamba kutuluka kunja, mayi Loewen?"

"Woyamba, mwinanso womaliza. Musandigulitse zodula."

Anaseka, n'kutembenuzira kompyuta kwa ine. "Ndege yolunjika imanyamuka ku Winnipeg Loweruka. Ilipo yosinthira ku Calgary, ndi yotchipa, koma mu Januwale musayerekeze. Chipale chikagwa mudzagona pa benchi ngati wothawa ngongole."

"Nanga ku Winnipeg'ko ndikafika bwanji? Ine kukazizira sindiyendetsa galimoto pa msewu waukulu."

"Pali minibasi yodzakutengani pakhomo penipeni."

Pa zogona anandipezera kahotela kakang'ono kufupi ndi nyanja, m'dera lomwelo limene anzanga amakhala. Anandionetsa zithunzi: khonde la maluwa, fani kudenga, ndi mabedi awiri.

"Ndili ndekha ine," ndinatero.

"Ndikudziwa mayi, koma zipinda zake zonse amaziwerengera anthu awiri. Ukakhala wekha umawonjezera."

"Ndiye ndilipirire bedi logona mzukwa?"

"Mwina mukapeza wogonapo," anatero akunditsinzinira diso.

"Inu, mundisamale. Ine ndi msinkhu wa agogo anu."

Za nyengo anati masana kumatentha bwino, mvula kulibe nthawi imeneyo, koma madzulo kumawomba kamphepo ka kunyanja, ndiye nditenge juzi imodzi. Juzi imodzi! Ine amene ndimavala zitatu pongopita kukatenga makalata pageti. Anandiuza za pasipoti, za inshuwalansi ya chipatala, za mankhwala anga kuti akhale m'kachikwama ka m'manja. Ndinkangogwedeza mutu, mtima ukudumpha ngati wa mwana wa sukulu. Ndiye akusonkhanitsa mapepala, anafunsa mongodutsa.

"Nanga nyumba akuonerani ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, poti yankho la funso limeneli ndalimva zaka zonsezi. Koma yankholo linali dzina langa. Ndinati ndikonza, ndipo ndinatuluka.

Elvira anabwera masamba atathothoka, kiyi m'dzanja lina, keke ya maapozi m'dzanja lina.

"Verna, poti iwe ulipo..."

"Chaka chino ndiye kulibeko. Mu Januwale ndikubwera komweko, mwezi wathunthu. Pasipoti iyi, taona, ndikuoneka ngati ndaba mbuzi."

Anaika keke pa thebulo pang'onopang'ono. Ndinali nditakonzeka kuti andikumbatira. Ndinali nditaganiziratu ngakhale zomuuza akayamba kulira, poti Elvira misozi yake ili pafupi.

"Nanga nyumba zathu?"

Ndiwo mawu oyamba amene anatuluka. Ataona nkhope yanga anayesa kukonza. "Ayi, ndiye kuti, zabwinotu zimenezo! Waldo akondwa akamva. Koma iwe, ndege uitha? Suja unasanza pa katungwe wa kuchionetsero?"

"Ndinali mwana nthawi imeneyo, Elvira."

"Komanso madzi akumeneko amatsegula m'mimba. Ndiye dzuwa lake, iwe ndi mutu wakowo..."

"Zaka zonsezi wakhala ukundiuza kuti ndi paradaiso."

"Ndi paradaiso kwa ozolowera."

Ndinamuthirira khofi. Tinadya keke yakeyo tikukamba za bondo la Waldo, mwamuna wake. Atatsala pang'ono kunyamuka ndinamufunsa kuti, "Nanga yanga nyumba andionera ndani?"

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Ee, koma zoonadi. Ukudziwa, sindinaganizepo."

Sankanama, ndipo ndicho chimene chinandipweteka. Atapita ndinapeza kiyi wake ali pambali pa mbale ya keke.

Enawo anamva nkhaniyi dzuwa lisanalowe, ndipo sanabwerenso pamaso. Makiyi ndinkangowapeza m'bokosi la makalata, ena atakulungidwa m'kapepala ka zikomo. Ku positi ofesi ndinamva kuti Waldo akuuza anthu kuti, "Verna sangapite uyo, akungolota masana." Pomatha Novembala msewu unali zii, mkombero unali wodzaza ngati kale, ndipo kiyi wanga yekha ndiye analibe kolowera.

Ndinayesa ndithu. Ndinaimbira kampani ina ya mumzinda yogwira ntchito yoteroyo, anati kwathu n'kutali, m'chisanu satumako anthu. Kutchalitchi ndinafunsa, koma otsala kumeneko ndi mabanja a ana aang'ono, anthu ochoka kuli mdima n'kubwera kuli mdima. Onse ankati, "Tiona mayi," ndipo tiona ndi mng'ono wake wa ayi. Pomaliza ndinaimbira mwana wanga Joanne ku Calgary.

"Amayi, musavutike," anatero. "Itanani pulambala akhuthule madzi onse m'mapaipi, atseke mpope waukulu. Mukatero sipafunikanso munthu wolowamo."

"Iwe, ukuzidziwa nyumba zimene timazikhuthula madzi?"

"Amayi, mwayambatu."

"Ya mayi Friesen tinaikhuthula atawatengera kosungira okalamba. Ya a Wiebe, titawaika m'manda. Ine ndikadapuma."

"Si nkhani ya imfa iyi, ndi nkhani ya mapaipi! Ndipo za anzanuzo zikukukhudzani bwanji? Anakupemphani? Asiyeni, akaphunzire."

Ananena zoona, koma zoona za munthu wokhala m'nyumba ya nsanjika, kumene mapaipi ndi a landilodi. Nyumba ya Elvira itasefukira ine ndili ku Mazatlan, ndikanakhala naye bwanji pa thebulo lalitali lija? Ndipo yanga, inde, ndikanatha kuikhuthula madzi. Koma ine ndinkafuna munthu. Ndinkafuna kuti padziko pano papezeke mmodzi woti nanenso ndimupatse kiyi n'kumuuza kuti, "Poti inu mulipo," monga anzanga onse ankachitira. Ndinatsimikiza mumtima kuti akapanda kupezeka, tikiti ndibweza, ndipo nkhani ya Mexico sindidzaitchulanso.

Sutikesi inali itagona kale pabedi, mbali ya Cornelius. Munali nsapato zoonetsa zala, chipewa cha dzuwa, madiresi awiri amene ndinagula ndikuchita manyazi ndi wogulitsa, ndi juzi imodzi ija. M'mawa uliwonse ndinkamvera za nyengo pa wailesi, kenako n'kuyang'ana ya ku Mazatlan pa foni. Kwathu kuno ankachenjeza kuti khungu likhoza kuuma munthu akachedwa panja. Kumeneko kadzuwa kachikasu kanali kangoti ngwee tsiku ndi tsiku, ngati kakundiseka. Khirisimasi ndinadya ndekha, makiyi a eni ali lende kuseri kwa chitseko.

Chaka chatsopano chitangolowa ndinaphika msuzi wa kabichi ndi soseji, n'kuwoloka msewu.

A Demchuk anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse. Akazi awo, a Halia, atamwalira, bamboyu anasiya kutuluka. Zogula ankabweretseredwa ndi galimoto ya kusitolo, ndipo kanjira ka pakhomo pawo kanali kopapatiza, kongokwanira phazi limodzi. Ndinagogoda. Panapita nthawi.

"Sindikugula kanthu," anatero mawu kuseri kwa chitseko.

"Sindikugulitsa. Tsegulani, msuzi ukuzizira."

Anatsegula. Anali ataonda kuposa mmene ndinkawakumbukira, juzi itabooka pa chigongono.

"Akazi a Loewen. Mwabwera kudzatenga chipale chanu chija?"

"Chinasungunuka kalekale, a Demchuk. Mwini mlandu nayenso anapita."

"Ndinamva. Pepani." Anakanda ndevu. "Anali munthu wamakani."

"Munapezana."

Anandilola kulowa. M'nyumbamo munali mwaukhondo koma mwa munthu mmodzi: kapu imodzi pa sinki, mbale imodzi, mpando umodzi utakokeredwa pawindo loyang'ana ku msewu, bulangete lili pamenepo. Anadya msuzi ataimirira, ine ndikufotokoza za ndege, za minibasi, za mwezi umodzi, za makiyi.

"Ku Mexico? Inuyo?" Anapukuta pakamwa. "Ndiye mu msewu muno muzidutsa ndani? Inu mumayamba ndi kwa a Penner, kenako kwa a Toews, n'kukathera pakona. Ndipo mumagogoda. Munthu ali ndi kiyi m'manja, akugogoda nyumba yopanda anthu! Tsiku loyamba ndinati mayiwa mutu wabalalika."

"Ndiye mumandizonda?"

"Nanga ndizionera chiyani? Pa TV amangoonetsa anthu ophika."

Nkhope inanditentha. Ndinafuna kutenga poto wanga n'kumapita, koma anapitiriza, maso ali pawindo.

"M'mawa ndimayang'ana chumuni chanu. Utsi ukamatuluka ndimati, chabwino, tikadali awiri." Anaika supuni pansi. "Mwachiona chilungamo cha dzikoli? Nyumba yopanda munthu ili ndi woizonda, a inshuwalansi analamula. Ine kuti wina agogode pano, ndiyenera kuyamba ndasamuka."

Mawu amenewo anali anganso. Chimwalirire Cornelius, pakhomo panga sipanagogodepo munthu kuyambira pomwe anthu athawa chisanu mpaka atabwerako. Ndinali ndisanaziikepo m'mawu, ndipo kuzimva m'kamwa mwa munthu amene sitinkalankhulana kunandiwawa kwambiri.

"Ndiye mundionera kapena ayi?" ndinafunsa mwaukali.

"Bondo ili linakana masitepe. Nyumba zonsezo zili ndi zipinda zapansi. Pezani wina, mayi."

"Winayo ndinu. Mwatsala nokha."

"Ndiye tsoka lanu. Poto mudzatenga."

Ndinawoloka msewu misozi ikuuma m'masaya. Magetsi a m'nyumba za eni anali atayamba kuyaka, lino lija, lino lija, monga ndinawatcherera. Ndinalowa kwanga, n'kutsitsa sutikesi pabedi, n'kuikankhira kuseri kwa chitseko.

Shauna anali atandiuza kuti sabata imeneyo ikatha, tikiti sibwezedwanso. Ndinaganiza zomuimbira ndikabwerako kozungulira nyumba. M'mawa wake kunali chisanu chija chomata mphuno ukamapuma. Ndinavala zitatu zanga, n'kutenga mkombero ndi fosholo. Potuluka ndinaona munthu ataima pageti la tsidya lina, atavala chijasi chakale cha kunjanji, ndodo m'dzanja lina, poto wanga ali m'khwapa.

"Poto wanu uyu," anatero a Demchuk. "Mchere unachepa."

"Ndiye mwaumaliza bwanji?"

"Njala, mayi. Tiyeni, ndionetseni nyumbazo ndisanasinthe maganizo."

"Nanga bondo lija?"

"Ndakambirana nalo. Lati masitepe liziwatsika limodzilimodzi."

Tinayamba ndi kwa a Penner. Ndinadziuza kuti lero sindigogoda, pali mboni, koma dzanja linachita zake. "Odi kuno!" ndinatero. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu aang'ono, a Demchuk akutsanzira Elvira: "Lowani amwali, ife tikudya nsomba kunyanja!" Ndinaseka mpaka kutsamira chitseko. Kunali kuseka kwanga koyamba chithothokere masamba.

Ulendo umene ndimaumaliza khofi asanazizire unatitengera m'mawa wonse. Masitepe ankawatsika chammbali, akutukwana m'chinenero cha amayi awo. Ndinawaonetsa mpope wa kwa a Toews umene umafuna kuumenya kaye, maluwa a Elvira amene amafa ukawathirira kwambiri, chitseko cha pakona chofuna kuchinyamula pang'ono kuti kiyi azungulire. Pa firiji ya Elvira anaima, n'kuyandikiza nkhope pa chithunzi chija.

"Onse alipo," anatero.

"Onse."

"Mukakafika mukakhale pakati. Asakakuikeni kumapeto ngati mlendo."

Tinathera pageti panga. Ndinavula golovesi, n'kuchotsa kiyi wanga m'thumba, n'kumulowetsa mu mkombero pamodzi ndi anzake. Kenako ndinawapatsira mkombero wonsewo.

"Poti inu mulipo," ndinatero. 

"Ndilipo. Ndipita kuti ine?"

"Ng'anjo yanga ili kumanzere mukatsika. Sivuta."

Ndinafuna kunena kuti alowe amwe khofi. Mabanzi analipo, ketulo inali pafupi. Koma lilime likakhala zaka osaitana munthu limalemera, ndipo ndinakumbuka zovala zamkati zimene ndinayanika pa mipando ya kukhitchini. Iwonso anayang'ana chitseko changa, n'kuyang'ana pansi, n'kunena kuti bondo lakwana kwa lero. "Mawa," ndinatero. "Mawa," anatero.

Mawa lake kunabwera chimphepo cha chipale. Chinawomba osapuma, moti nyumba ya tsidya lina sinkaoneka. Msewu waukulu anautseka. Ndinabweza sutikesi pabedi, n'kumangokhalira wailesi, foni ili m'manja, mtima uli m'mwamba. Shauna anati ndege zina azilepheretsa, ya Loweruka sakudziwa. Ndinati basi, munthu ndamupeza, ulendo undikanikenso ndi mphepo? Ndinkapita pawindo kukafunafuna chumuni cha a Demchuk m'chipwirikiti choyeracho, ndipo ndikaona kautsi ndinkabwerera kukakhala pansi. Lachisanu masana kunacha. Mathirakitala okankha chipale anatuluka, Shauna anati ndege inyamuka, ndipo a minibasi anaimba kuti ndikhale wokonzeka m'mawa.

Loweruka ndinadzuka kusanayere. Ndinachepetsa moto wa ng'anjo, ndinatsegula makabati a pansi pa sinki kuti mapaipi azimva kutentha, monga ndimauzira anzanga. Kenako ndinatenga kawotchi koyatsa magetsi kamene ndinagula sabata imeneyo, n'kukatchera pa nyale ya pabalaza. Nditatero ndinakhala pa mpando kanthawi. Usiku wa lero nyumba yanganso inamiza odutsa. Pa thebulo la kukhitchini ndinasiya mabanzi m'mbale yovindikira, botolo la khofi, ndi kapu imodzi.

Minibasi inafika kukuyamba kuyera. Dalaivala anali bambo wa ndevu za imvi, wokonda kulankhula.

"Ku Mexico, mayi? Ndiye mwatithawa! Kuli achibale?"

"Kuli msewu wathu wonse."

"Ndiye mwachedwa bwanji inuyo?"

"Ndinali pa ntchito."

Ndinakhala pa mpando wakumbuyo, chipewa cha dzuwa chili pamiyendo kuti chisaphwanyike. Pakona tinaima, poti thirakitala inali ikukankha chipale pa mphambano ndipo dalaivala wake sankathamangira kulikonse. Ndinatembenuka kuti ndione nyumba yanga komaliza.

A Demchuk anali akuwoloka msewu. Chijasi cha kunjanji, ndodo, mkombero wa makiyi ukulendewera m'dzanja. Ndinawaphunzitsa kuyamba ndi kwa a Penner, koma sanakhotere kumeneko. Analunjika kwanga. Nyumbayo inali isanazizire n'komwe, mpando wanga unali ukadali wofunda, panalibe chokaona. Anakwera masitepe a pakhonde limodzilimodzi, n'kupumira pamwamba. Ndiye anavula golovesi, n'kugogoda. Anaima n'kudikira, mutu utapendekera ku chitseko.

Zaka zonsezi ndinakudikira kugogoda kumeneko ndili mkati. Lero kunabwera, ine ndili m'minibasi, ndikupita kukagona m'chipinda cha mabedi awiri. 

"Lowani," ndinatero.

"Mwati chiyani, mayi?" Dalaivala anandiyang'ana pa galasi. "Mwaiwala kanthu? Nenani tibwerere, nthawi ilipo."

Thirakitala inali itachoka pa mphambano. Ndinayang'ananso kumbuyo. Chitseko changa chinatseguka, n'kutsekeka, ndipo patapita kanthawi nyale ya kukhitchini inayaka, ija yopanda kawotchi.

"Ayi, tiyeni," ndinatero. "Kunyumba kuli munthu."